Tsiku Lomwe Ndinapera Mbewu ya Amayi

Kwathu ku Chiosya mlimi akhoza kugulitsa mbuzi, njinga, ngakhale malata a padenga, anthu n'kumamumvetsa kuti mavuto amupana. Koma wodya mbewu palibe amamumvera chisoni. Ine sindinadye mbewu chifukwa cha njala ayi. Ndinali mphunzitsi wolandira mwezi ndi mwezi, wokhala m'nyumba ya magetsi pa boma la Mchinji, ndipo buledi sankasowa m'kabati mwanga. Ndinatenga mbewu ya mawere ya amayi anga, yonse yathunthu, n'kuipera kuti ndiphike keke yodzionetsera kwa anzanga. Zaka zapitapo, koma ndikakumbukira manyazi amandigwirabe ngati zachitika dzulo.

M'mudzi mwathu anthu anawasiya kale mawere. Minda inapita ku fodya, chimanga cha feteleza, mtedza, ndipo masiku ano soya. Amayi okha ndiwo anakakamirabe kamunda kakang'ono m'mbali mwa chulu, kuseri kwa chigafa cha fodya. Mawere awo sanali otuwa aja a pamsika. Anali ofiira moderako, a ngala zopindikira m'kati ngati chibakera, ndipo thobwa lake munthu ukamwa kamodzi sunkafunanso la kwina. Mbewuyo anailandira kwa mayi awo, mayi awonso kwa mayi awo. Kukakhala ukwati kapena ubatizo anthu ankabwera kudzapempha chimera, mawere omeretsa aja otsekemeretsa thobwa, ndipo amayi sankamana munthu. Wina akapempha mbewu ankamutapira dzanja limodzi n'kumuuza pofesa pake.

Akakolola, ntchito yoyamba inali kusankha ngala zonenepa. Zimenezo ankazipuntha pazokha, kupeta, kusakaniza ndi phulusa, n'kuthira m'kamtsuko. Pakamwa pa mtsukowo ankavundikirapo phale n'kumata ndi dothi, kenaka n'kuukweza patsanja la m'khitchini pomwe utsi umafika. Mawere akudya ankakhala m'thumba pansi, aliyense n'kumatapa. Koma mtsuko womata unali wosakhudza mpaka mvula yoyamba. Ife ana tinakula tikudziwa zimenezi monga momwe tinkadziwira kuti moto umawotcha. Ndiye ndisanamize munthu kuti sindinkadziwa.

Chidani changa ndi mawere chinayambira ku sekondale. Ndinali pa sukulu yogonera konko, ndipo tsiku loona ana likafika makolo a anzanga ankabwera ndi masikono, mabisiketi ndi mabotolo a skwashi. Amayi anafika atakwezedwa pa njinga ya malume, atanyamula chigubu cha thobwa ndi chigumu cha mawere chokulunga m'masamba a nthochi. Chigumu cha mawere sichikongola, chimada ngati dothi la kudambo. Mtsikana wina wa ku Lilongwe atachiona anandifunsa ngati kwathu timadya njerwa, ndipo onse m'chipindamo anafa ndi phwete. Ndinachikankhira pansi pa bedi mpaka chinachita nkhungu. Patchuthi ndinawauza amayi kuti akusukulu aletsa zakudya zochokera kunyumba. Iwo anangoti, "Chabwino," ndipo sanabwerenso nacho. Kuyambira pamenepo akamaphika za mawere ine ndinkapeza chochita kwina. Mng'ono wanga ndiye ankakhala nawo m'khitchini, n'chifukwa chake iye amadziwa zonse ine osadziwa kanthu.

Nditayamba ntchito pa boma ndinasanduka mayi wa buledi woyera ndi majarini. Ndikapita kumudzi ndinkanyamula madzi anga a m'botolo, ndipo thobwa ndinkalikana ponamizira kuti limanditsegula m'mimba. Mng'ono wanga, yemwe anamanga nyumba pafupi ndi ya amayi pamodzi ndi mwamuna wake, ankanditcha amadamu a pa boma. Ine kupusa kwanga ndinkayesa ndi ulemu.

Kenaka zinthu zinatembenuka. M'nyumba yoyandikana ndi yanga munalowa anesi ochokera ku Zomba, mayi waukhondo, wolankhula mofatsa, woti akanena chinthu amayi onse a kumphakati kwathu ankachilandira ngati ulaliki. Iwo ndiwo anayamba kutiuza kuti buledi woyera ndi amene akutibweretsera matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kuti chakudya chenicheni ndi mawere. Anationetsa kapaketi ka ufa wa mawere kogula ku Lilongwe, kolembedwa Chingerezi mbali zonse, kokwera mtengo kuposa nyama. Amayi omwe aja ankapinda mphuno akaona thobwa anayamba kumwa phala la mawere m'makapu a galasi n'kumalijambula pa foni. Ine ndinkangoyang'ana, mtima ukundiwawa kuti chinthu chomwe ndinachithawa zaka zonsezi chandipeza pa boma chitavala suti.

Tinali ndi chizolowezi chokumana mwezi uliwonse kunyumba kwa mmodzi wa ife, kupemphera pang'ono kenaka kumwa tiyi kwambiri. Tsiku lina nkhani ya mawere itabukanso, pakamwa panandiyabwa.

"Kodi a m'paketiwo mukuti ndi mawere?" ndinatero. "Eni ake a mawere ndife. Amayi anga amalima ofiira enieni, a makolo. Mwezi wamawa mukubwera kwanga, ndidzakuphikirani keke ya mawere okhaokha, osathira fulawa ndi supuni imodzi yomwe."

"Okhaokha, aphunzitsi?" anafunsa anesi. "Imagwirana?"

"Kwathu timatero," ndinayankha.

Chikhalirecho ndinali ndisanaphikepo ngakhale phala lake.

Msonkhano wa kwanga unali Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala. Lachisanu nditaweruka ndinakwera njinga yamoto ya kabaza kupita kumudzi. Dzuwa linali loswa mtengo, fumbi lili koboo mumsewu, ndipo anthu anali atayamba kale kuunga mizere. Kunyumba ndinapeza kuli zii. Mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti amayi apita kumaliro cha ku Ludzi ndipo akagona konko masiku atatu, pomwe mng'ono wanga ali kudimba kuthirira matimati. Kiyi ndinamupeza pamalo pake pa nthawi zonse, pansi pa mtondo.

Ndinalowa m'khitchini. Thumba la mawere akudya linali pakona, lopinda, lopanda kanthu. Chaka chimenecho mpheta zinasakaza kamunda ka amayi, ndipo zochepa zomwe anakolola zinathera ku thobwa la ukwati wa mwana wa malume. Amayi anandiuzapo zimenezi, koma nkhani za mawere sindinkaziika kumtima. Ndinakweza maso patsanja. Mtsuko unali pomwepo, wakuda ndi mwaye, dothi la pakamwa pake litauma gwa.

Ndikanakonda kunena kuti ndinalimbana ndi mtima wanga nthawi yaitali, koma likhala bodza. Wakabaza ankaliza hutala panja, ndipo m'mutu mwanga munali nkhope ya anesi yokha. Ndinadziuza kuti nditapa theka chabe. Ndinadziuzanso kuti mng'ono wanga ayenera kuti ali ndi mtsuko wake, ndipo mbewu yomwe amayi akhala akugawira anthu zaka zonsezi singasowe m'mudzi monse. Ndinakokera mpando, kukwerapo, kutsitsa mtsuko, n'kugumula dothi lija ndi mpeni. Nditathira theka mu jumbo ndinaona kuti ndi ochepa, poti phulusa ndiye linkadzaza malo. Malangizo a pa foni ankati makapu atatu a ufa pa keke imodzi, ndipo ine ndinkafuna makeke awiri kuti tebulo lioneke. Ndinapendeketsa mtsuko n'kuugogoda pansi pake kuti zonse zituluke. Kenaka ndinabwezera phale lija osamata, n'kuukweza patsanja ngati palibe chachitika. Pamphasa ndinasiyapo paketi ya shuga, sopo ndi botolo la mafuta ophikira, mtima n'kumandinamiza kuti tasinthana.

Kudimba kwa mng'ono wanga ndi pafupi, munthu akafuula pakhomo amamva. Sindinapiteko ndipo sindinamuitane. Ndinkadziwa chomwe akanandiyankha.

Loweruka m'mawa ndinapita kuchigayo. Wachigayo anasuzumira mu jumbo muja n'kuseka. "Madamu, timawere timeneti tingothera m'makina, simutenga kanthu." Ndinabwerera n'kukabwereka blenda ya anesi, kamakina kamagetsi kaja koperera zipatso. Ndinapeta kamodzi kokha pakhonde, mothamanga, poti ngakhale lichero ndinali nditaiwala kagwiridwe kake. Kutsuka sindinatsuke, sindinkadziwa kuti amatsuka. Ndinapera pang'onopang'ono mpaka blenda inatentha n'kuyamba kununkha mphira. Ufa unatuluka wofiirira, wa fungo la utsi wa m'khitchini mwa amayi, ndipo fungo limenelo linandigunda pamtima kanthawi kochepa. Ndinatsegula zenera n'kupitiriza.

Ndinathira mazira, majarini, shuga, mkaka ndi bekingi pauda monga momwe foni inanenera, kusiya fulawa yekha chifukwa cha matama anga aja. Makeke anatuluka mu uvuni osafufuma, ong'aluka pamwamba, olemera ngati mwala wa pamoto. Munthu wanzeru akanalawa kaye. Ine ndinawapaka kirimu woyera pamwamba ndi m'mbali momwe, n'kuikapo timaluwa ta shuga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lamulungu masana kunabwera amayi asanu ndi atatu. Tinapemphera, ndinathira tiyi, kenaka ndinatulutsa keke yoyamba pa mbale yanga ya alendo. Anawomba m'manja, ena anajambula. Nditalowetsa mpeni keke inanyenyeka ngati chigulumwa cha dothi louma, moti ndinachita kugawa ndi supuni. Aliyense anaika pakamwa. Kenaka kunamveka kukutu kukutu m'kamwa mwa anthu asanu ndi atatu. Unali mchenga. Nanenso ndinalawa, ndipo kuwonjezera pa mchengawo munali kuwawa kwa phulusa komwe shuga analephera kubisa. Mayi wina anatsamwa n'kuthamangira tiyi.

Anesi, ulemu wawo, anameza bwinobwino n'kunena kuti, "Fungo lake ndi labwino, aphunzitsi. Akuchita kumveka kuti ndi a kumudzi enieni."

Tiyi anamwedwa wambiri tsiku limenelo. Mmodzi anakulunga gawo lake m'pepala n'kunena kuti akadyera kunyumba, ndipo pepalalo ndinalipeza pa mpanda wa maluwa atachoka. Ndinasonkhanitsa zotsala m'mbale zonse, pamodzi ndi keke yachiwiri yomwe sinadulidwe n'komwe, n'kukakhuthula kudzala. Chomwe chinkandiwawa madzulo amenewo chinali choti ndayaluka pamaso pa anesi. Za mtsuko wa patsanja sindinaziganizeko.

Patapita milungu itatu, mitambo itayamba kusonkhana cha ku Zambia, foni inalira ndili pa buleki kusukulu. Anali mng'ono wanga, ndipo sanapereke ndi moni womwe.

"Asisi, mtsuko wa amama munatsegula ndinu?"

"Ndinangotapako pang'ono," ndinatero.

"Pang'ono? Mulibe kanthu muno. Mwawaika kuti? Bwerani nawo lero lomwe, mvula yayandikira. Amama atentha kale nthambi pachulu, phulusa likungodikira mbewu."

"Si uli nawo ako iwe?"

"Anga ati? Ine ndimalima soya, mukudziwa. Asisi, mawerewo ali kuti?"

Ndinati ndibwera Loweruka, n'kudula foni.

Ndinafika m'mawa dzuwa lisanakwere. Amayi anali pakhonde, mtsuko uli pambali pawo, lichero lili pamiyendo. Anali atakokota phulusa lotsalira m'mtsukomo n'kumalisanthula ndi chala kufunafuna njere. Munalibe. Popeza sindinamate pakamwa pake, timawere tomwe tikanatsalira tinamalizidwa ndi nyerere ndi makoswe. Ndinagwada n'kupereka moni, iwo anayankha monga mwa masiku onse, anafunsa za kusukulu ndi za ulendo. Kenaka ndinanena zomwe ndinachita, kuti ndinapera onse n'kuphikira alendo keke. Za kudzala sindinatchule.

Mng'ono wanga anali ataima pamzati, manja m'chiuno. "Mwadya mbewu, amadamu? Ndi sukulu yanu yonseyo? Chaka cha njala chija amama ankagona ndi madzi m'mimba, ife tikudya gaga, koma mtsuko uwu sanaukhudze. Inu mwauthyolera keke?"

Munthu wolakwa amayenera kuzyolika, koma ine mtima wanga ndi wapachala. "Ndikagula ena!" ndinakalipa. "Ndi mawere chabe awa, si golide. Pamsika ali mbwee."

"Mukagule ofiira amenewa? Kuti? M'paketi?"

"Basi nonse, anthu akumva," anatero amayi. Anatembenukira kwa ine. "Unapetera pati? Mwina pagwa tinjere, mvula ikagwa timera."

"Pakhonde la simenti, amama. Ndinasesa, nkhuku za eni nyumba zinatola."

Anagwedeza mutu pang'ono, anaika lichero pansi, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atamanga chitenje chabwino, m'manja muli kambale kakang'ono. "Tiye tikapemphe," anatero.

Zomwe zinachitika m'mudzimo ndiye zimandisowetsa mtendere kuposa kuba kwenikweniko. Pakhomo loyamba tinapeza mayi wina akusenda chinangwa, mmodzi wa omwe amayi anawagawirapo mbewu. Atamva chomwe tabwerera anaika mpeni pansi.

"Inu kupempha mawere? Kodi dziko latha? Nanga mtsuko wanu uja?"

"Makoswe, anzanga," anatero amayi. "Chaka chino ndinamata molakwika. Ukalamba uwu."

Mayi uja anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mwayamba kuiwala, agogo! Inu amene munkatiphunzitsa kumata?" Kenaka anayang'ana ine, nditaima pamenepo ndi nsapato zanga zazitali ndi chikwama cha m'manja. "Aphunzitsi, muziwayang'anira amayi anuwa, mutu wayamba kuchoka."

Pamenepo ndi pomwe ndikananena kuti makoswe ake ndine. Mawu anali pakamwa penipeni. Koma ndinamwetulira n'kunena kuti, "Tiyesetsa."

Tinayenda makomo anayi, ndipo pa khomo lililonse amayi ankabwereza za makoswe ndi ukalamba, ine ndili chete kumbuyo kwawo. Paliponse yankho linali limodzi. Ena mbewu ija anaimeretsa chimera chaka chomwecho, ena anafesa kamodzi n'kuleka. "Mawere amafuna woingitsa mbalame," anatero bambo wina, "ndipo ana onse ali kusukulu kwa aphunzitsiwa." Tinabwerera chimanjamanja, kambale kali m'khwapa mwa amayi. Madzulo asanafike mudzi wonse unali utamva kuti gogo wa mawere wadyetsa mbewu makoswe.

Panatsala munthu mmodzi. Amayi anali ndi mnzawo wa pautsikana yemwe anakwatiwa ku Mlonyeni, kufupi ndi malire, ndipo popita kubanjako anatenga mbewu yomweyi kwa agogo anga. "Ameneyo ndi wosunga," anatero amayi. "Ngati alipo munthu amene akadali nawo, ndi iye." M'mawa mwake titatuluka m'tchalitchi tinanyamuka awiri. Tinakwera njinga zamoto mpaka kumsewu wa phula, kenaka minibasi, kenaka wapansi mtunda ndithu pakati pa minda yolimalima. Amayi ankayenda patsogolo mofulumira moti ine ndi nsapato zanga zija ndinkatsalira. Njira yonse ndinkapemphera chamumtima, pemphero la munthu wofuna kupulumuka yekha. Ndinkati akapezeka mawerewo nkhani itha, ndipo ine ndidzangokhala munthu woti anatapa pang'ono.

Mnzawo uja anatilandira ndi nthungululu. Anali wonenepa, woyenda ndi ndodo, wolankhula mosakaniza ndi Chinyanja cha kutsidya. Anakumbatirana, anafunsana za odwala ndi omwalira, anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Amayi anadikira mpaka tamwa madzi ndi pomwe anatulutsa kambale kaja n'kufotokozanso za makoswe.

Mayi uja anawomba m'manja kamodzi n'kugwira pakamwa. "Mayo ine, mwachedwa anzanga. Ndinaleka zaka ziwiri zapitazo, miyendoyi yakana. Otsala ndinameretsa pa ukwati wa mdzukulu wanga. Ndinkati poti inu muli nawo, ndikadzafuna ndidzatuma mwana kwanu."

Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa. Kenaka mayi uja anadzuka movutikira n'kulowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi mawere odzaza kapu, otuwa, ang'onoang'ono, omwe mpongozi wake anagula ku Chipata. Amayi anathira pang'ono pachikhatho, anawapukusa ndi chala, analuma njere imodzi. "Ndi mawere ndithu," anatero. Analandira ndi manja awiri n'kuwamanga pa mfundo ya chitenje. Kuyambira tsiku limenelo ndafunsa m'misika yonse yomwe ndapondamo, kuno ndi kutsidya komwe, ndatumiza uthenga kwa aphunzitsi anzanga a m'maboma ena, koma ofiira a ngala zopindika aja sindinawaonenso.

Pobwerera tinakhala m'mbali mwa msewu kudikira minibasi. Kumadzulo kunali kutada, mabingu akumveka chapatali, ndipo kamphepo kanali ndi fungo la mvula. Amayi anakhala pamwala n'kuvula nsapato zawo zapulasitiki kuti mapazi apume. Ine ndinakhala pansi pafupi nawo, osasamalanso za diresi.

"Amama, bwanji mukunamizira makoswe?" ndinafunsa.

"Nanga ndinene chiyani? Kuti ndi mwana wanga mphunzitsi? Ana a anthu uziwaphunzitsa ndi nkhope iti? Ine ndakalamba kale, akandiseka palibe chomwe chichoke."

Ndinayang'ana pansi. Galimoto ya katundu inadutsa kulowera kumalire, fumbi n'kutikuta. Litatsika amayi anandigwira pabondo.

"Nanga inakoma?"

"Chiyani, amama?"

"Keke yakoyo. Alendo ako anati chiyani atalawa?"

Ndinawayang'ana kumaso. Panalibe mkwiyo kapena chipongwe. Ankafunadi kumva, ndipo ndinazindikira kuti chiyambire dzulo lake anakhala akudzitonthoza ndi chinthu chimodzi, choti amayi ophunzira a pa boma, anesi ndi aphunzitsi, adya mawere a m'kamunda kawo n'kuwayamikira. Bodza linali lokonzeka kale palilime, ndipo iwo akanalilandira mosangalala. Koma ndinali nditatopa nawo mabodza. Ndinawauza zonse, za mchenga, za phulusa, za keke yonyenyeka, za pepala la pa mpanda wa maluwa, ndi za kudzala.

"Yonse?" anafunsa.

"Onse awiri, amama. Inayo sinadulidwe n'komwe."

Anachotsa dzanja pabondo panga n'kuyang'ana kumsewu nthawi yaitali. Misozi inayamba kutsika m'masaya mwanga, ndipo ndinkalakalaka atandikalipira ngati momwe anachitira mng'ono wanga, kuti mwina ndipepukidwe. Atayamba kulankhula, mawu awo anali a masiku onse, ngati tili m'khitchini.

"Mawere umayamba watsuka, katatu. Umazunguza m'madzi n'kumatsanulira m'mbale ina, mchenga umatsalira pansi. Ukatero uyanike aume bwinobwino, ndi pomwe upere. Ndipo okhaokha sagwirana, mwanawe, ndani anakuuza zimenezo? Umaponderamo nthochi zakupsa kwambiri, zija zada makoko, kaufa ka mgaiwa dzanja limodzi, kasoda pang'ono. Mupoto umayalamo tsamba la nthochi. Makala ambiri pamwamba pa chivundikiro, pansi ochepa, ukapanda kutero chimapserera kunsi m'kati muli chiwisi."

Ankalankhula manja akuyenda m'mwamba, kuzunguza, kutsanula, kukanya, ndipo ine ndinkamvetsera ngati mwana wa sitandade wani, zinthu zomwe ndikanaziphunzira kalekale ndikanangokhala nawo pansi masana amodzi. Safunsa anadya phula, ine ndinadyetsa anthu mchenga. Mwadzidzidzi manja aja anaima. Anawatsitsira pamiyendo, pafupi ndi mfundo ya chitenje momwe munali mawere a ku Chipata.

"Pepani, amama," ndinatero. "Ndakuberani."

"Sunandibere ine," anayankha. "Mbewu imapita kwa mwana wamkazi woyamba. Mayi anga anandipatsa ine, osati ang'ono anga. Ndinkati ndilimeko chaka chino ndi cha mawa, kenaka ndikuitane ndikupatse mtsuko uja m'manja, kaya ukafesa kuseri kwa nyumba yako ya pa boma, kaya utani. Anesi akowo nditamva kuti akukonda mawere ndinati mwina tsopano ulandira. Anali ako kale. Ukanangodikira pang'ono."

Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pafumbi. Minibasi inatulukira pakona ikuliza hutala, kondakitala atatulutsa mutu pazenera. Amayi anavala nsapato zawo, anaimirira, n'kuimitsa okha ndi dzanja, ine ndikadali khale pansi pomwepo.